Mtengo wolondola namondwe ndi ndege zopanda munthu zouluka m'mwamba kwambiri

Kumayambiriro kwa mwezi wa September m'chaka cha 2010, ndege ina idanyamuka m'chipululu cha ku California, m'dziko la America, n'kudutsa dziko lonselo mpaka kukafika pamwamba pa namondwe wotchedwa Earl pa nyanja ya Atlantic. M'ndegemo mudalibe munthu ngakhale mmodzi. Oiyendetsa adali chikhalire m'chipinda cha makompyuta ku bwalo lomwe idanyamukira. Aka kadali koyamba kuti ndege yotchedwa Global Hawk iuluke pamwamba pa namondwe wokhwima, ndipo akatswiri ambiri a zanyengo adakhulupirira kuti apeza njira yatsopano yolondolera mphepo zoononga.

Papita zaka zoposa khumi tsopano, koma palibe dziko lomwe limatumiza ndege za mtunduwu kukayeza anamondwe chaka ndi chaka. Ndegezo zidagwira ntchito yomwe zidatumidwa, ndipo zomwe zidapeza zidathandiza. Chomwe chidavuta kwambiri ndi ndalama. Ambiri amaganiza kuti kuchotsa woyendetsa m'ndege kumatsitsa mtengo, koma mbiri ya Global Hawk ikuonetsa kuti nkhaniyi si yophweka chomwecho.

Ndegeyi ndi yotani?

Global Hawk ndi drone, koma isafanizidwe ndi tindege tating'ono tojambula zithunzi pa maukwati kapena tonyamula mankhwala kupita ku zipatala za kumudzi. Imapangidwa ndi kampani ya Northrop Grumman, ndipo idauluka koyamba mu 1998. Cholinga chake choyamba chidali cha usilikali: kuzonda adani ili m'mwamba momwe zida zambiri sizingaifikire. Mu 2001 idauluka osatera kuchokera ku California mpaka ku Australia, n'kukhala ndege yoyamba yopanda munthu kuoloka nyanja ya Pacific.

Mu 2007 asilikali a mumlengalenga a ku America adapereka ndege ziwiri zakale za mtunduwu ku bungwe la NASA kuti lizichitira kafukufuku. Mapiko a ndegezi ndi otalika mamita 35 kuchokera nsonga ina kufika nsonga inzake, pafupifupi mofanana ndi a ndege yonyamula anthu ya Boeing 737. Zimakwera mpaka makilomita pafupifupi 20, pomwe ndege zonyamula anthu zimayenda pa makilomita 10 mpaka 12. Zimatha kukhala m'malere maola oposa 24 osatera, zitasenza zipangizo zolemera makilogalamu mazana angapo.

N'chifukwa chiyani akatswiri adaifuna?

Anamondwe amabadwira pakati pa nyanja, kutali ndi malo oyezera nyengo. Masetilaiti omwe ali pa mtunda wa makilomita 36,000 amaona mitambo ya pamwamba, ndipo akatswiri amayerekeza mphamvu ya namondwe poona maonekedwe a mitamboyo. Koma kuti adziwe bwino liwiro la mphepo, chinyezi, kutentha ndi kulemera kwa mpweya m'kati mwa namondweyo, pamafunika kufikako ndi kuyeza.

Dziko la America lakhala likuchita izi ndi ndege zokhala ndi anthu kuyambira m'zaka za m'ma 1940. Lero ntchitoyi imagwiridwa ndi ndege khumi za WC-130J za gulu la asilikali lokhala ku Biloxi, m'chigawo cha Mississippi, komanso ndege za bungwe loona zanyengo ndi nyanja la NOAA. Bungweli lili ndi ndege ziwiri za WP-3D Orion, zomwe zidapangidwa m'zaka za m'ma 1970, zolowa m'kati mwenimweni mwa namondwe pa mtunda wa makilomita atatu kapena kucheperapo, ndi ina ya Gulfstream IV yozungulira namondwe ili pa makilomita pafupifupi 13.

Ndegezi zili ndi malire awiri. Oyamba ndi a nthawi: ulendo umodzi umatenga maola asanu ndi atatu mpaka khumi, ndipo mbali ina ya maolawo imathera pa njira. Namondwe yemwe ali kufupi ndi gombe la kuzambwe kwa Africa sizingamufikire mosavuta. Achiwiri ndi a moyo wa anthu. Mu 1955 ndege ya asilikali a pamadzi idasowa m'namondwe Janet pamodzi ndi anthu 11. Mu 1974 ndege ya WC-130 idasowa m'namondwe Bess pa nyanja ya kumwera kwa China itanyamula anthu asanu ndi mmodzi. Mu 1989 ndege ya NOAA idapulumukira m'kamwa mwa mbuzi pomwe injini yake imodzi idafa ili m'diso la namondwe Hugo.

Global Hawk idaoneka ngati yankho pa mavuto onse awiri. Imafika kutali, imakhalitsa pamwamba pa namondwe, ndipo ikagwa sipamveka maliro. Chida chake chachikulu ndi dropsonde, kachitini kakang'ono kokhala ndi parachuti komwe ndege imaponya pansi. Kakamatsika, kamayeza mpweya ndi kutumiza zomwe kapeza kudzera pa wailesi mpaka katagwera m'nyanja. Kakaponyedwa kuchokera pa makilomita 18 kamayeza msinkhu wonse wa namondwe, kuyambira ku mutu mpaka ku phazi. Makina oponyera tizidati, omwe adakonzedwa ndi bungwe la kafukufuku wa mlengalenga la NCAR, amanyamula tizida pafupifupi 90 pa ulendo umodzi.

Mtengo wogula ndege

Malinga ndi mawerengero a boma la America a m'chaka cha 2013, Global Hawk imodzi yatsopano inkagulidwa pa mtengo wa madola pafupifupi 131 miliyoni. Ndalama zofufuzira ndi kukonzera luso lake zikagawidwa pa ndege iliyonse, mtengowo unkapitirira madola 220 miliyoni. Iyi ndi mitengo ya ndege za usilikali zokhala ndi zipangizo zozondera, koma imapereka chithunzi cha kukula kwa ndalama zomwe zimafunika.

Bungwe la NASA silidalipire ndalama zimenezi popeza lidachita kupatsidwa ndege zotha ntchito. Ngakhale zidali choncho, lidaona kuti silingakwanitse kuzisamalira palokha, ndipo mu 2008 lidachita mgwirizano ndi kampani yopanga ndegezo kuti azigawana ndalama zoziyendetsera komanso nthawi yozigwiritsa ntchito. Izi zikutanthauza kuti kafukufuku yense wa zanyengo yemwe Global Hawk idachita adatsamira pa ndalama zomwe unduna wa zachitetezo udawononga kale. Bungwe la zanyengo lofuna kuyamba lokha liyenera kusenza katundu yenseyo.

Mtengo wa ola limodzi m'malere

Kugula ndege ndi chiyambi chabe. Asilikali a ku America adawerengera kuti mu 2010 ola limodzi la Global Hawk m'malere linkadya madola pafupifupi 40,000. Pofika mu 2013, ndegezo zitayamba kuuluka pafupipafupi, mtengowo udatsika kufika pa madola pafupifupi 19,000. Pali phunziro pa kutsikaku: ndalama zambiri zoyendetsera ndegeyi zimatuluka ngakhale ndege itangokhala m'shedi, motero ikamauluka kawirikawiri mtengo wa ola limodzi umachepa. Koma anamondwe ali ndi nyengo yawo. Ku Atlantic amabwera pakati pa June ndi November, ndipo ambiri amawirikiza m'masabata ochepa a August ndi September. Ndege yosungidwira anamondwe okha imakhala miyezi yambiri ikudya ndalama osagwira ntchito.

Titatenga mtengo wotsikawo, ulendo umodzi wa maola 24 ungadye madola oposa 450,000. Pa mtengo wa K1,750 pa dola, womwe mabanki a m'dziko muno ankagwiritsa ntchito mu 2024, imeneyi ndi K790 miliyoni pa tsiku limodzi.

Chitsanzo chomveka bwino ndi kafukufuku wa NASA wotchedwa HS3. Adapatsidwa madola pafupifupi 30 miliyoni oti agwiritse ntchito m'zaka zisanu, ndipo ndege zidauluka m'nyengo zitatu za anamondwe, kuyambira 2012 mpaka 2014, kuchokera ku bwalo la Wallops m'chigawo cha Virginia. Zonse pamodzi zidauluka maola 670, zidaponya ma dropsonde 1,426, ndipo zidayeza anamondwe asanu ndi anayi, kuphatikizapo Nadine mu 2012 ndi Edouard mu 2014. Ndalama zonse zikagawidwa ndi maola ouluka, ola lililonse likufika pa madola pafupifupi 45,000. M'chiwerengerochi muli malipiro a asayansi, kukonza zipangizo ndi kusanthula zomwe zidapezeka, choncho si mtengo wa ndege yokha. Komabe ndi mtengo weniweni wa ntchito yonse, popeza ndege yopanda zipangizo ndi akatswiri ilibe phindu kwa wolosera nyengo.

Kodi ndalamazi zimapita kuti?

Gawo loyamba ndi anthu. Ndege ilibe munthu m'kati, koma pansi pamakhala khamu. Ulendo wa usana ndi usiku umafuna oyendetsa osinthana m'magulu, amakaniko, oyang'anira mauthenga, olosera nyengo ya m'njira, ndi asayansi oyang'anira chipangizo chilichonse. Onsewa ayenera kusamutsidwa ndi kusungidwa pa bwalo kwa milungu isanu kapena kuposerapo, kaya namondwe abwere kaya asabwere.

Gawo lachiwiri ndi mauthenga. Ndege ikapita kutali imalamulidwa kudzera pa setilaiti. NASA inkagwiritsa ntchito masetilaiti a Iridium poyendetsa ndege, ndi njira ina yonyamula uthenga wochuluka potumiza zomwe zipangizo zapeza. Nthawi ya pa setilaiti imagulidwa. Pamafunikanso zipinda zoyendetsera ndege, ndipo NASA idachita kumanga china ku Wallops kuwonjezera pa chomwe chidalipo kale ku California.

Gawo lachitatu ndi zipangizo zoyezera. M'mwamba momwe ndegeyi imauluka mumazizira kupitirira madigiri 50 pansi pa ziro ndipo mpweya ndi wochepa zedi. Chipangizo chilichonse chiyenera kupangidwa moti chizigwira ntchito chokha tsiku lathunthu popanda dzanja lochikonza. Radar yotchedwa HIWRAP, yoyeza mphepo ndi mvula, ndi chipangizo cha HAMSR, choyeza kutentha ndi chinyezi kupyola m'mitambo, zidatenga zaka kuti zikonzedwe. Ma dropsonde nawo ndi otayika: kalikonse kamagulidwa madola mazana angapo ndipo sikabwereranso, motero ulendo umodzi wodzaza umataya m'nyanja madola zikwi makumi angapo.

Gawo lachinayi ndi chilolezo. Ndege yopanda munthu siloledwa kuuluka paliponse, poti iyenera kudutsa m'misewu ya ndege zonyamula anthu pokwera ndi potsika. Dziko la Germany lidaphunzira izi mowawa. Mu 2013 lidathetsa ntchito yogula ndege za Euro Hawk, zomwe ndi mtundu wa Global Hawk, litawononga kale mayuro oposa 500 miliyoni, pozindikira kuti kupeza chilolezo choti ziziuluka mumlengalenga mwa ku Ulaya kukadadya ndalama zina zankhaninkhani.

Gawo lomaliza ndi kuwonongeka. Kafukufuku wa HS3 adakonzedwa kuti agwiritse ntchito ndege ziwiri, ina yozungulira namondwe, ina youluka pamwamba pake penipeni. Mu 2014 ndege yachiwiriyo idalephera kupita ku Wallops kaamba ka vuto la magetsi, ndipo zipangizo zake zidasamutsidwira pa ndege yokhala ndi anthu ya WB-57. Ukakhala ndi ndege ziwiri zokha, vuto la imodzi limadula theka la ntchito.

Phindu lomwe lidaoneka

Namondwe Sandy atasakaza madera a New York ndi New Jersey mu 2012, nyumba ya malamulo ya ku America idapereka ndalama zapadera zokonzera ulosi wa nyengo. Mbali ina ya ndalamazo idapita ku ntchito ya NOAA yotchedwa SHOUT, yomwe cholinga chake chidali kuyesa ngati Global Hawk ingathandize pa ulosi wa tsiku ndi tsiku, makamaka setilaiti ina itati yafa mwadzidzidzi. Ndege idauluka mu 2015 ndi 2016 pa anamondwe monga Gaston, Hermine ndi Matthew.

Kumapeto kwa August 2016, likulu loona za anamondwe la ku Miami lidalengeza kuti Gaston wakula n'kufika pa mlingo wa namondwe wamphamvu, potengera zomwe ma dropsonde a Global Hawk adayeza. Asayansi atasanthula pambuyo pake adapezanso kuti zomwe ndegeyi idasonkhanitsa zidathandiza makompyuta kulosera bwino njira ya anamondwe ena, makamaka pa ulosi wa masiku angapo kutsogolo.

Phindu lotere si laling'ono. Ulosi wolondola umachepetsa dera lomwe anthu ayenera kusamutsidwa, ndipo kusamutsa mzinda kumadya ndalama zochuluka. Koma funso lomwe akuluakulu oyang'anira thumba amafunsa ndi lina: kodi dola yomweyo singabweretse phindu lalikulu ikaikidwa pena? Mu 2017 Global Hawk idaulukanso pa anamondwe angapo, kuphatikizapo Harvey, koma NOAA sidagule ndege zakezake za mtunduwu. M'malo mwake idaitanitsa ndege za Gulfstream G550, zokhala ndi anthu, kuti zilowe m'malo mwa Gulfstream IV yokalambayo.

Njira zotsika mtengo

Pomwe ndege yaikulu inkavuta kulipirira, tindege tating'ono tidapita patsogolo. Mu 2005 kandege kotchedwa Aerosonde kadalowa m'namondwe Ophelia. Mu 2014 NOAA idayamba kuponya kandege ka Coyote kuchokera m'ndege ya WP-3D, ndipo panthawiyo kamodzi kankagulidwa madola pafupifupi 22,000. Mu 2022 kandege ka Altius kadauluka kwa mphindi zoposa 100 m'namondwe Ian. Tindegeti timatsika kufupi ndi mafunde, malo omwe namondwe amatengako mphamvu komanso omwe ndege ya anthu singayerekeze kufikako. Toponyedwa kuchokera m'ndege sitibwerera, koma mtengo wa kandege kamodzi ka Coyote udali pafupifupi wofanana ndi wa ola limodzi la Global Hawk. Vuto lake n'lakuti timadalira ndege yaikulu yotinyamula. Pa nyanja pamayendanso timabwato topanda munthu ta kampani ya Saildrone, ndipo kamodzi kadajambula kanema m'kati mwa namondwe Sam mu September 2021.

Maiko ena adasankha kugwiritsa ntchito ndege zomwe zilipo kale. America itasiya kutumiza ndege zake m'anamondwe a kuzambwe kwa Pacific mu 1987, dera limenelo lidakhala zaka zambiri likudalira masetilaiti. Mu 2003 Taiwan idayamba kutumiza ndege yaing'ono ya jeti kukaponya ma dropsonde m'mbali mwa anamondwe omwe akulunjika ku chilumbacho. Hong Kong nayo imachita chimodzimodzi ndi ndege za boma zomwe masiku ena zimagwira ntchito yopulumutsa anthu. Mwa njira imeneyi, nthambi ya zanyengo imalipira maola omwe yagwiritsa ntchito okha.

Ndege zoyendera dzuwa

Chiyembekezo cha ena chili pa ndege zopepuka zoyendera mphamvu ya dzuwa, zomwe zimakhala m'mwamba kwa milungu osafuna mafuta. Yodziwika kwambiri ndi Zephyr ya kampani ya Airbus, ya mapiko a mamita 25 koma yolemera makilogalamu 75 okha. Mu 2018 idauluka masiku pafupifupi 26, mu 2022 idakwanitsa masiku 64 isadagwe ku Arizona, ndipo mu 2025 idauluka masiku 67 itanyamukira ku Laikipia m'dziko la Kenya.

Pa ntchito yolondola anamondwe, ndegezi zidakali ndi zofooka. Zimanyamula makilogalamu ochepa chabe, choncho sizingasenze radar yaikulu kapena ma dropsonde ochuluka. Zimayenda pang'onopang'ono, ndipo zimafuna nyengo yabata pokwera ndi potsika. Makampani ozipanga akuyang'ana kwambiri msika wa mafoni, intaneti ndi usilikali. Msikawo nawo ndi wovuta: kampani ya Loon, yomwe inkapereka intaneti ku Kenya pogwiritsa ntchito zibaluni za m'mwamba momwemo, idatsekedwa mu 2021 italephera kutsitsa mtengo wa ntchito yake.

Nanga kuno kwathu?

Anamondwe omwe amafika ku Malawi amachokera kumwera chakuzambwe kwa nyanja ya Indian. Dera limeneli limayang'aniridwa ndi likulu la Météo-France la pa chilumba cha La Réunion, ndipo kulibe ndege zopita kukayeza anamondwe nthawi ndi nthawi monga zimachitikira ku Atlantic. Ulosi umadalira makompyuta ndi masetilaiti, makamaka a Meteosat a bungwe la ku Ulaya la EUMETSAT. Nthambi yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre, imagwiritsa ntchito ulosi umenewu pochenjeza Amalawi.

Namondwe Freddy wa mu 2023 akuonetsa mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Adabadwira kufupi ndi Australia, adaoloka nyanja yonse, ndipo bungwe la zanyengo la dziko lonse la WMO lidatsimikiza kuti adakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. Namondwe woyenda kutali chonchi ndi amene Global Hawk idakathandiza kumuyeza. Ku Malawi anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa, oposa 600,000 adasowa pokhala, ndipo kawuniwuni wa boma adapeza kuti chuma chowonongeka chidaposa madola 500 miliyoni. Poyerekeza ndi chiwonongeko chimenechi, ulendo wa madola 450,000 ukuoneka wochepa.

Komabe kubwera kwa Freddy kudadziwika masiku angapo asadafike, ndipo machenjezo adaperekedwa. Chomwe chidapha anthu ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe ndi mvula yosalekeza ndi matope ochokera m'mapiri. Kudziwa kuti mvula yachuluka pa phiri liti, mtsinje uti ukusefukira, ndi kufikitsa uthengawo kwa anthu pa nthawi yake, kumafuna zipangizo za pansi: radar, malo oyezera mvula, zoyezera madzi m'mitsinje, mafoni, wailesi ndi malo othawirako.

Mitengo yake ndi yosiyana kutali. Ntchito ya M-CLIMES, yomwe idayamba mu 2017 ndi thandizo la Green Climate Fund ndi UNDP, idaika makina oyezera nyengo m'maboma angapo, zoyezera madzi m'mitsinje ndi zoyandama pa nyanja ya Malawi, ndipo yonse idali ya madola pafupifupi 16 miliyoni. Mtengo wa Global Hawk imodzi yatsopano ungalipire ntchito zotere zisanu ndi zitatu. Lipoti la Global Commission on Adaptation la mu 2019 lidati chenjezo loperekedwa maola 24 ngozi isadachitike lingachepetse chiwonongeko ndi 30 peresenti. Pachifukwa chimenechi, bungwe la United Nations lidakhazikitsa mu 2022 ndondomeko ya madola 3.1 biliyoni yoti pofika 2027 munthu aliyense pa dziko azilandira chenjezo la ngozi zanyengo.

Malawi si mlendo pa nkhani ya ma drone. Mu 2017 boma mogwirizana ndi UNICEF lidatsegula dera loyeseramo tindegeti ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa achinyamata kutipanga ndi kutiyendetsa. Tindege timeneti timauluka mamita mazana ochepa, sitingapirire mphepo ya namondwe, koma timajambula madera osefukira madzi mphepo ikaleka, pa mtengo womwe dziko lingaufikire.

Ngati ndege youluka m'mwamba kwambiri idzayeze anamondwe a m'dera lino, zidzatheka maiko a Mozambique, Madagascar, Mauritius, South Africa, Malawi ndi France atasonkha pamodzi, monga momwe maiko a ku Ulaya amasonkherana pogula masetilaiti. Dziko la America, lomwe lidachita kulandira ndegezo osagula, lidaziyesa kwa zaka zisanu ndi ziwiri n'kubwerera ku ndege za anthu ndi tindege totayika. Dziko lililonse lofuna kuyesa njira imeneyi liyenera kuyamba lawerenga mabuku a ndalama a kafukufukuyo.